Kugonja mfumu isanagwidwe: wosewera chess amadziwa bwanji kuti zake zada?

Pa 12 December 2024, mumzinda wa Singapore, Ding Liren wa ku China anatambasulira dzanja mnyamata wa zaka 18 wa ku India, Gukesh Dommaraju, ndipo ukatswiri wa chess padziko lonse unasintha mwini pomwepo. Amene ankaonera pafoni koma sawadziwa bwino masewerowa anangoti kukamwa yasa. Mfumu ya Ding sinali pa cheki (sinali kuopsezedwa ndi chida chilichonse), nthawi pa wotchi yake inali isanathe, ndipo pabolodi panangotsala mafumu awiri ndi mapawn atatu, tizida ting'onoting'ono kwambiri pa masewerowa. Munthu amasiya bwanji mpando waukulu chonchi popanda womugwira pakhosi?

Pasanathe miyezi 6, pa 1 June 2025 ku Stavanger m'dziko la Norway, Gukesh yemweyo ndi amene madzi anamufika m'khosi. Magnus Carlsen, yemwe kale anali katswiri wa dziko lonse, anali atamupanikiza, makompyuta onse ankasonyeza kuti waluza, koma iye anangopitiriza kusuntha. Nthawi itawatsalira yochepa onse awiri, Carlsen analakwitsa, analuza, n'kumenya tebulo ndi chibakera. Kanema wake anazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook mpaka kwa anthu amene sadziwa n'komwe mmene hatchi imayendera. Gukesh mwini wake ananena pambuyo pake kuti pa masewero 100 otere akanaluza 99.

Wina anagonja zinthu zikuoneka ngati zikadali bwino, wina anakana kugonja zinthu zitaoneka kuti zatha, ndipo odziwa chess sanadzudzule aliyense wa iwo. Onse awiri ankayankha funso limodzi, ndipo si funso lakuti "kodi ndaluza?" ayi. Funso lake n'lakuti: kodi munthu wakhala patsogolo pangayu, ndi nthawi imene watsala nayo, akadali ndi polakwitsa?

Zimene malamulo amanena

Malamulo a chess amalembedwa ndi FIDE, bungwe loyang'anira masewerowa padziko lonse, limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924. Cholinga cha masewero ndi checkmate, kutanthauza kuti mfumu yaopsezedwa ndipo ilibe kothawira, palibe chida chokatseka pakati, komanso palibe njira yodyera choiopsezacho. Koma gawo 5 la malamulowo limatsegula khomo lina: wosewera akanena kuti wagonja, masewero athera pomwepo. Osewera amati kurizayina. Sapempha chilolezo kwa woweruza, sapereka chifukwa, ndipo sadikira kuti ifike nthawi yake yosuntha. Chachikulu n'chakuti mawuwo akatuluka sabwerera. Ngakhale aone njira yopulumukira dzanja lisanazizire, zatha basi.

Kuyambira January 2023 pali kachiganizo kena kamene kanawonjezedwa. Ngati mnzanuyo alibiretu njira iliyonse yovomerezeka yochitira checkmate, mwachitsanzo watsala ndi mfumu yokhayokha, kugonja kwanu sikuwerengedwa ngati kuluza. Amati mwalepherana.

Kagonjedwe kake malamulo sanachite kukakhazikitsa. Ambiri amaimitsa wotchi n'kupereka dzanja. Ena amagoneka mfumu pabolodi, ngakhale izi zimaoneka kwambiri m'mafilimu kusiyana ndi m'mipikisano. Pa Lichess ndi pa Chess.com, masamba osewererapo chess pa intaneti, pali kabatani ka mbendera. Boris Spassky anagonja masewero omaliza a mpikisano wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse ndi Bobby Fischer ku Reykjavik pa 1 September 1972 pochita kuimba telefoni, chifukwa nthawi imeneyo masewero aatali ankaimitsidwa madzulo kuti akapitirire mawa lake, ndipo iye atawaunika usiku anaona kuti palibe chobwererako.

Bwanji osangosewera mpaka kumapeto?

Ambiri tinakulira mpira, ndipo mu mpira mulibe khomo lotulukira. Timu ikamachinyidwa 5-0 imathamangabe mpaka wezulo yomaliza. Izi zili ndi zifukwa zake: mphindi 90 zimatha zokha, ndipo zigoli zimawerengedwa, moti kuluza 5-2 kumaposa kuluza 5-0 pa tebulo la ligi. Chess siyendera zimenezo. Wopambana amatenga pointi imodzi, woluza satenga kanthu, akalepherana amagawana theka theka. Kaya mwaluza pakusuntha kwa nambala 20 kaya kwa nambala 90, ziro wake ndi yemweyo. Rating, nambala yoyezera mphamvu ya wosewera, imatsikanso mofanana. Ndipo masewero aatali alibe ola lowerukira: amatha kudya maola 6 kapena 7.

Kusiyana kwina n'kwakuti timu yochinyidwa imakhalabe ndi anthu 11 m'bwalo, pomwe mu chess wotsalira amatsalira ndi asilikali omwe. Zida 10 polimbana ndi 9 si mpata woopsa, koma mukamadyerana chimodzi kwa chimodzi mudzafika pa ziwiri kwa chimodzi, kenako chimodzi kwa wopanda kanthu. N'chifukwa chake amene ali patsogolo amakonda kusinthana zida. Mpata waung'ono umakula wokha, ndipo pamafika pomwe osewera awiri odziwa amaoneratu mapeto ake kudakali kutali.

Zimene Ding anaona

Masewerowa anali a nambala 14, omaliza, ndipo awiriwa anali ndi mapointi ofanana. Akanalepherana, bwenzi atakasewera ena achangu tsiku lotsatira. Aliyense anali ndi rook (chida choyenda molunjika) ndi bishopu (choyenda mopingasa), Gukesh ali ndi mapawn awiri, Ding imodzi. Akatswiri onse ankati apa palibe wopambana. Pakusuntha kwa nambala 55 Ding anaika rook yake pa f2 (kabokosi kalikonse ka pabolodi kali ndi dzina la chilembo ndi nambala) kuti asinthane, atayiwala kuti bishopu wake ali pakona, pa a8, pomwe pali msewu umodzi wokha wotulukira. Gukesh anadya rook, Ding anabweza, kenako Gukesh anaika bishopu wake pa d5, mumsewu womwewo. Bishopu wa Ding analibe kozembera. Anasinthana.

Chinatsala n'chiyani? Ding anali ndi mfumu pa e3 ndi pawn pa g3. Gukesh anali ndi mfumu pa e5 ndi mapawn pa f5 ndi g4. Wosuntha anali Ding. Mafumu awiri atayang'anizana chonchi, kabokosi kamodzi kali pakati, vuto limagwera amene ili nthawi yake, chifukwa mu chess mulibe zoti "ndadutsa, sewerani": amayenera kusuntha, ndipo akasuntha wapereka njira. Osewera amatcha zimenezi opposition. Mfumu ya Ding ikanapita pa d3, Gukesh akanakankha pawn ya f5 n'kutsegula njira yake. Ikanabwerera pa f2, mfumu ya Gukesh ikanalowa pang'onopang'ono, kumuzungulira, mpaka kukadya pawn ya g3. Kulikonse, pawn imodzi ikanafika mzere womaliza n'kusanduka mfumukazi, imene osewera amangoti kwini. Ndipo mfumu ndi kwini, polimbana ndi mfumu yokha, zimachita checkmate mosapitirira kusuntha ka 10.

Zonsezi Gukesh anaziphunzira ali mwana, ndipo pa wotchi yake panali nthawi yambiri. Panalibe msampha wotchera, panalibe chida chosokonezera. Ding anagonja pakusuntha kwa nambala 58. Koma tengani bolodi lomwelo mupereke kwa ana awiri amene ayamba chess chaka chino: wa zakuda, mbali ya Gukesh, akhoza kukankha pawn nthawi yolakwika n'kuzitaya zonse. Kwa iwo masewerowa akadalipo. Zida zili malo omwewo, chasintha ndi anthu.

Nambala ya kompyuta si chigamulo

Wongoyamba kumene amaphunzitsidwa kuwerengera zida chonchi: pawn ndi 1, hatchi 3, bishopu 3, rook 5, kwini 9. Pakati pa akatswiri, kutaya hatchi popanda chobweza kawirikawiri ndi chifukwa chokwanira choperekera dzanja. Pakati pa ongoyamba, hatchi zimatayika kawiri katatu m'masewero amodzi, ndipo wopambana amakhala amene walakwitsa mochepera kumapeto.

Masiku ano oonera amakhala ndi kompyuta pambali, monga Stockfish, imene imaonetsa nambala: +1, +3, -5. Nambalayi imasocheretsa ambiri. Imanena zimene zingachitike onse awiri akamasuntha mosalakwitsa, zomwe munthu satha. Pali +5 amene amangofuna kusinthana zida n'kukankha pawn, aliyense angathe. Palinso +5 amene amafuna kupeza kusuntha kumodzi kobisika, kenako kwina kobisika, kasanu motsatizana, ndipo kuphonya kamodzi kokha zonse zatembenuka. Kompyuta imalemba nambala yofanana pa zonse ziwiri.

Umboni wake uli m'mabuku a makompyuta otchedwa tablebase, amene ali ndi yankho lenileni la kaimidwe kalikonse ka zida 7 kapena zochepera, kuwerengera ndi mafumu omwe. Ntchito ya zida 7 inamalizidwa ku Moscow mu 2012. M'menemo muli kaimidwe kena kamene mbali imodzi "yapambana", koma checkmate yake imafika patadutsa kusuntha kopitirira 500. Pa pepala winayo waluza. Pabolodi la anthu palibe angagonje pamenepo, ndipo palibe angapambane.

Woluza amadikira chiyani?

Amene amakana kugonja sikuti amangodikira mwayi wogwa kumwamba. Malamulo eni akewo anamusiyira timakomo.

Koyamba ndi stalemate. Ngati ili nthawi yanu yosuntha, mfumu yanu siili pa cheki, koma mulibe kusuntha kulikonse kovomerezeka, masewero atha molepherana, ngakhale mnzanuyo akhale ndi makwini atatu. Chitsanzo chotchuka chinachitika ku New York pa mpikisano wa dziko la America wa 1963 mpaka 1964. Larry Evans anali atatsalira ndi hatchi yathunthu kwa Samuel Reshevsky, ndipo mfumu yake inali itapanikizidwa pakona, pa h1. Reshevsky, mmodzi mwa osewera amphamvu kwambiri a nthawiyo, anadya pawn ya pa g3 ndi kwini poganiza kuti checkmate yafika. Evans anapereka kwini yake dala pa g8. Mfumu ya Reshevsky inadya. Kenako anaponyanso rook yake pa g7, ndi cheki. Apa ndiye panali nkhani: mapawn onse a Evans anali otsekeka, mfumu yake inalibe kopita, choncho rook ija ikanadyedwa, ndi stalemate. Ikanasiyidwa, ikanangotsatira mfumu ya Reshevsky ndi cheki kulikonse ingapite. Analepherana. Osewera amatcha msampha wotere swindle, ndipo Frank Marshall, katswiri wa America kuyambira 1909 mpaka 1936, anatchuka nayo kwambiri misampha yotereyi.

Khomo lachiwiri ndi lomwe laoneka kale pamenepa, cheki yosatha. Kaimidwe kamodzi kakabwera katatu, wosewera akhoza kupempha kuti alepherana. N'chifukwa chake anthu sagonja msanga akadali ndi kwini ndipo mfumu ya mnzawo ili pambalambanda.

Lachitatu ndi lamulo la 50: aliyense akasuntha ka 50 popanda kudyana kapena kusuntha pawn, wosewera akhoza kupempha kulepherana, ndipo zikafika pa 75 woweruza amathetsa yekha. Lamuloli limaluma pa mathero ovuta. Bishopu ndi hatchi zimatha kuchita checkmate kwa mfumu yotsala yokha, koma pamafunika kusuntha mpaka ka 33 ngati simulakwitsa, moti mpata wolakwitsira ndi wochepa. Mu 2013 ku Geneva, Anna Ushenina, amene panthawiyo anali katswiri wa amayi padziko lonse, analephera kumaliza zimenezi polimbana ndi Olga Girya. Girya akanati apereke ulemu kwa katswiriyo n'kugonja, bwenzi theka la pointi litapita.

Pali mathero enanso amene amaoneka oluza koma sali choncho. Hatchi ziwiri sizingakakamize checkmate kwa mfumu yokha. Bishopu ndi pawn ya m'mphepete mwa bolodi sizipambana ngati bishopuyo sayenda pa mtundu wa kabokosi ka pakona pomwe pawn ikulowera, bola mfumu yodzitetezayo ifike pakonapo. Wosadziwa izi amawerenga zida, amaona kuti watsalira ndi 4, n'kupereka dzanja.

Amene anafulumira

Mawu akuti palibe anapambanapo masewero mwa kugonja amati ananena ndi Savielly Tartakower, ndipo mbiri ya chess ili ndi anthu amene anawamvetsa mochedwa.

Ku Monte Carlo mu 1902, Georg Marco ankasewera zakuda ndi Ignatz von Popiel. Bishopu wa Marco anali pa d4, akuopsezedwa, ndipo kumbuyo kwake kunali rook yake yopanda chitetezo chokwanira. Marco anawerengera kuti bishopu akachoka rook idyedwa, akakhala adyedwa iyeyo, choncho anagonja. Chimene sanaone n'chakuti bishopuyo akanalowa mkati mwenimweni mwa adani, pa g1. Pamenepo kwini ya Marco ikanaopseza checkmate pa h2, ndipo nthawi yomweyo rook ija, njira itatseguka, ikanayang'anizana ndi kwini ya von Popiel. Ziwopsezo ziwiri, yankho limodzi. Marco anagonja masewero amene kusuntha kumodzi kukanamupatsa chipambano. Cholakwa chake chikuoneka bwino: anayang'ana zimene mnzake akumuopseza nazo, osayang'ana zimene iye angaopseze nazo.

Mu May 1997 ku New York, Garry Kasparov, katswiri wa dziko lonse panthawiyo, anagonja masewero achiwiri a mpikisano wake ndi kompyuta ya IBM yotchedwa Deep Blue. Tsiku lotsatira anauzidwa kuti panali njira yolowetsa kwini pa e3 n'kusaka cheki yosatha, imene ambiri anakhulupirira kuti ikanamupulumutsa. Makompyuta amphamvu a zaka zotsatira anatsutsapo ngati njirayo inalidi yokwanira, koma palibe amakana kuti masewerowo anali asanathe. Kasparov, amene akanafufuza kabokosi kalikonse akanakhala kuti akusewera ndi munthu, anangokhulupirira kuti makina sangasiye mpata wotere. Anagonja kwa mbiri ya mdani, osati kwa zimene zinali pabolodi. Mpikisano wonsewo anauluza ndi mapointi 3½ kwa 2½.

Zimachitikabe. Mu January 2019 ku Wijk aan Zee m'dziko la Netherlands, Sam Shankland, katswiri wa America panthawiyo, anagonja kwa Anish Giri pamene mfumu yake ikanangobwerera kumbuyo n'kumanga linga losalowereka.

Kwa osewera wamba chifukwa chake nthawi zambiri si kuwerengera kolakwika ayi, koma mtima. Munthu wataya kwini mosayembekezera, magazi akwera kumutu, anthu aima mozungulira tebulo, ndiye akufuna kungochokapo. Apa m'pamene mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ophunzitsa ambiri amati ukalakwitsa kwambiri usapange chiganizo chilichonse nthawi yomweyo: khala kaye, manja pansi pa tebulo, uyang'ane bolodi ngati walipeza kumene.

Wotchi ndi netiweki

Nthawi imasintha zonse. Wosewera nthawi yake ikatha waluza, ngakhale akhale ndi zida zochuluka bwanji, pokhapokha ngati mnzakeyo alibe njira iliyonse yochitira checkmate. Ndiye pa blitz, masewero a mphindi 10 kapena zochepera kwa aliyense, munthu wotsalira ndi rook koma ali ndi mphindi yathunthu pomwe mnzake watsala ndi masekondi 8 sanaluze. Mwina ndi amene ali patsogolo.

Chofunika kuyang'ana ndi increment, masekondi amene wotchi imakuwonjezerani mukangosuntha. Pakakhala masekondi 30, monga m'mipikisano yambiri ikuluikulu, wosewera wabwino sangathedwe nthawi pa masewero opambana kale, ndiye kudalira wotchi n'kudzinamiza. Ku Stavanger kuja ankawonjezera masekondi 10 okha, kuyambira pakusuntha kwa nambala 41, ndipo pabolodi panali mahatchi ndi mapawn othamanga, zinthu zosokoneza mutu ukamafulumira. Gukesh ankadziwa zimenezo.

Pa intaneti pamawonjezeka zina: chala chimaterereka pa foni, netiweki imaduka, magetsi amazima, bandulo imatha. Ena amapitiriza masewero oluza podikira zimenezi, ndipo malamulo sawaletsa malinga ngati akusunthadi. Chimene chimaletsedwa ndi kusiya masewero osagonja, n'cholinga choti mnzanu akhale akuyang'ana wotchi ikutsika. Lichess ndi Chess.com amachenjeza kapena kulanga ochita izi. Amaletsanso kugonja dala kuti rating itsike n'kumakapambana mipikisano ya ofooka.

Nkhani ya ulemu

Apa m'pamene osewera amagawikana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo.

Ena amati kupitiriza masewero otheratu n'kunyoza mnzako, ngati ukumuuza kuti sukhulupirira zoti angathe checkmate ya kwini ndi mfumu. Amawonjezera kuti pa mipikisano ya kumapeto a sabata, pomwe mumasewera kangapo tsiku limodzi, ola lotayidwa pa masewero akufa ndi ola lopumira lotayika, ndipo mutu wotopa umakaluzanso masewero otsatira. Ena amati ntchito yopambana ndi ya wopambanayo, aimalize. Malamulo sakakamiza aliyense kugonja, ndipo kuuza mnzako kuti "tagonjani" ndiye mwano weniweni, umenenso ungakuike m'mavuto ndi woweruza chifukwa n'kusokoneza mnzako. Ophunzitsa ana ambiri amawaletseratu kugonja, osati chifukwa cha mapointi okha: mwana wotsalira amaphunzira kudziteteza, wotsogola amaphunzira kumaliza, ndipo luso lonse liwiri silibwera ngati masewero amaduka kwini ikangodyedwa.

Zosangalatsa n'zakuti ulemu womwewo umaonetsedwa m'njira ziwiri zotsutsana, ndipo abale awiri anazionetsa kwa munthu mmodzi. Mu October 1956, Donald Byrne anasewera ndi Fischer wa zaka 13, amene anapereka kwini yake n'kupambana mochititsa kaso. Donald sanagonje. Anapitiriza mpaka checkmate pakusuntha kwa nambala 41, ndipo ambiri amati anatero kuti ntchito yokongola ya mnyamatayo ioneke yonse pabolodi. Mu December 1963, pa mpikisano womwe uja wa Evans ndi Reshevsky, mchimwene wake Robert Byrne anagonja kwa Fischer pakusuntha kwa nambala 21 pokha, pamene akatswiri ofotokozera anthu masewerowo ankaganiza kuti Robert ndi amene akupambana, popeza anali ndi chida chimodzi choposa. Iye anali ataona checkmate imene iwo sanaione. Fischer anakhumudwa, chifukwa mapeto okongolawo sanafike pabolodi. Peter Svidler anatsata njira ya Donald mu 2019 ku Germany, pamene analola Carlsen kumuchita checkmate ndi pawn.

Chimene pafupifupi onse amagwirizana kuti n'chosayenera ndi cha Curt von Bardeleben ku Hastings mu 1895. Ataona kuti Wilhelm Steinitz wamugwira, anangodzuka n'kutuluka m'holo osanena kanthu, nthawi yake n'kuthera pa wotchi. Steinitz anachita kuonetsa oonera checkmate imene inkabwerayo. Kugonja kwina sikukhudzana n'komwe ndi bolodi: mu September 2022, pa mpikisano wa pa intaneti, Carlsen anagonja kwa Hans Niemann atangosuntha kamodzi, posonyeza kukwiya pa mkangano wa zachinyengo umene unali pakati pawo. Nkhani imeneyo ndi ina.

Pa mipikisano ya matimu, monga Olympiad pomwe dziko lililonse limakhazika osewera anayi, ziro wanu si wanu nokha. Komanso bolodi limene likuseweredwabe, ngakhale loipa, limasunga anzanu mtima ndi kusiya adani ali ndi nkhawa. Kumeneko anthu amachedwerapo kugonja kusiyana ndi akamasewera paokha.

Dzanja lisanatambasuke

Zolakwa ziwirizi sizilemera mofanana. Wochedwa kugonja amataya mphindi, mphamvu, mwina ndi kumwetulira kwa mnzake. Wofulumira amataya theka la pointi kapena yathunthu, ndipo sizibwezedwa. Ndi chifukwa chake ngakhale amene amalimbikitsa kugonja mwaulemu amavomereza kuti pokayikitsa ndi bwino kusunthanso kangapo.

Kayezedwe kamene osewera odziwa amagwiritsa ntchito n'kotembenuza bolodi m'maganizo. Mukanakhala mbali inayo, kodi mukudziwa bwinobwino mmene mukanamalizira, kusuntha ndi kusuntha, ngakhale mutapatsidwa mdani wokuposani? Ngati simungathe kuifotokoza njirayo, simunaone kuluza, mwangokumva mumtima, ndipo n'kutheka kuti mnzanuyonso sanaione. Ngati mukuidziwa, ndipo msinkhu wa mnzanuyo ndi wotchi yake zikusonyeza kuti nayenso akuidziwa, chatsala n'kufufuza komaliza kumene Marco anadumpha: cheki iliyonse imene muli nayo, chilichonse chimene mungadye, chiwopsezo chilichonse, ngakhale chooneka chopusa. Muonenso ngati mfumu yanu ili pafupi kusowa koyenda, chifukwa pamenepo zida zanu zotsala ndi zoti muzitaye dala. Ambiri amatchera msampha umodzi womaliza, ndipo mnzawo akaulambalala amaimitsa wotchi. Kayezedwe kameneka kamapereka mayankho osiyana kwa anthu osiyana: grandmaster, amene ali ndi udindo wapamwamba kwambiri wa FIDE kupatula ukatswiri wa dziko lonse, amagonja atatsalira ndi hatchi, wosewera wa kalabu amadikira mpaka rook ndi mathero omveka, wongoyamba amafika pa checkmate.

Mukatsimikiza, nenani ndi pakamwa. Dzanja lotambasulidwa mwakachetechete limasokoneza, chifukwa ndi dzanja lomwelo limene anthu amapatsana akagwirizana kuti alepherana, ndipo zimachitika kuti wina amadzuka akudziwa kuti wapambana pomwe mnzake akudziwa kuti agawana. Pa masewero olembedwa, onse awiri amasayina pepala la zotsatira, ndipo malamulo a FIDE amati zimene zasayinidwazo ndi zomwe zimagwira ntchito ngakhale zitalembedwa molakwika, pokhapokha woweruza atagamula mwina. Muyang'ane ngati palembedwa 1-0, 0-1 kapena ½-½ musanaike dzina lanu.